Eriyo ya Mayi Hempel

Mwana wathu Gudrun anachokera ku msonkhano wa achinyamata a chipani nkhope ili yakugwa. Munali mu 1961, m'tauni yathu ya kufupi ndi Magdeburg, dziko lathu litagawika pawiri, ife tili mbali ya kum'mawa.

"Amayi, mtsogoleri wathu Detlef wati Loweruka tikakwere pamadenga. Eriyo iliyonse ya kanema yoloza kumadzulo tikaikhotetse, anthu asamaonere kanema wa adani. Ine andipatsa ya Mayi Hempel. Ndikakana, akuti za koleji ya uphunzitsi ndiiwale."

Mayi Hempel anali a khomo loyandikana ndi lathu, ndipo ndiwo ankamulera Gudrun ine ndikakhala ku fakitale.

Mwamuna wanga Ottmar anayamba zake zamakedzana. "Gulu limeneli tinaliyambitsa ndife nkhondo itangotha. Tinkachotsa njerwa za nyumba zogumuka, n'kumaimba, basi. Zamadengazi zabwera liti?"

"Ababa, ndiye ndipite kapena ndisapite?"

"Pita. Ayi, dikira. Funsa amako."

Thandizo la bambo wa panyumba linathera pomwepo. Ndinamugwira mwana padzanja, ulendo kwa Mayi Hempel, manyazi atandigwira. Iwo anakhalapo kalaliki ku khonsolo zaka makumi atatu. Atamva nkhaniyo anangoseka.

"Iwe Gudrun, gulu lanulo ndi apolisi?"

"Ayi."

"Ndi khoti?"

"Kaya, amayi. Masiku ano sindikudziwanso."

"Si khoti. Nanga ukathyoka mwendo, kapena ine ndikakusumira, Detlefyo adzavomera kuti anakutuma? Usakakangane naye. Ukangopempha kalata. Alembepo lamulo lake, asayine dzina lake, adinde chidindo."

Loweruka Gudrun anapempha kalatayo. Detlef anakanda m'mutu n'kuimbira foni akuluakulu a ku boma. Iwo anati afunse a ku chigawo. A ku chigawo anati ayankha Lolemba. Panalibe wofuna kusayina. Anzake atatu a Gudrun atamva, nawonso anafuna makalata awo.

"Anzanga, mwandimva molakwika," anatero Detlef. "Zamadengazi n'zongodzipereka."

Makwerero anabwezedwa kosungira katundu. Chaka chotsatira Gudrun analowa koleji, ndipo ndinalira pomuperekeza ku sitima.

Makolo anzanga, gulu la achinyamata si polisi, ngakhale litavala yunifolomu. Wina akatuma mwana wanu kukalakwira mnansi, funsani lamulo lake, ndipo wotumayo asayine. Akakana kusayina, dziwani kuti akufuna mlandu udzakhale wa mwana wanu.