Wogwira Chitseko cha Vaneti

"Nanga chitseko chikakonzeka, ine nizankhala pati?"

Anafunsa choncho a Rosalina, ali kumbuyo kwenikweni kwa msonkhano, pansi pa mtengo wa masau kuseri kwa ofesi yathu ku Boma la Feira. Amai Eneless, tcheya wa kalabu, anayamba kukonza duku lawo lomwe linali lokonzeka kale. Ba Everisto, dalaiva wathu, anayang'ana zala za kumapazi kwawo. Ine ndinali nditangomaliza kunena uthenga umene unabwera pa wailesi ya ku khonsolo, ndipo ndinkayembekeza kuti anthu awomba m'manja.

Uthengawo unali wabwino. Kampani yogulitsa mavaneti a mtundu wathu inapeza kuti loko wa chitseko cha kumanzere anatuluka ku fakitale ali wolakwika, moti chitseko chimatha kutseguka motoka ili pa liwiro. Onse okhala ndi mavaneti amenewo ankaitanidwa kuti akawaikire loko watsopano kwaulere. Makanika wa kampani adzatidikira Lachisanu ku Buliji, pamlatho wa Luangwa, poti msewu wathu wafumbi sanaufune. Kampani inali itadziwa tsopano zimene ngakhale mbuzi za ku Feira zinkadziwa kuyambira kale.

Munali mu 1995, chaka changa chachiwiri pantchito. Ndinachoka ku yunivesite ku Lusaka ndi digiri ya zachitukuko, ndipo boma linanditumiza kumene mitsinje iwiri imakumana kuti ndiziyang'anira makalabu a azimayi. Anzanga anandilira ngati ndafa. Ine ndinapeza nyumba yoyang'ana kumtsinje, nsomba yatsiku lomwelo, ndi ntchito imene inkatha dzuwa likadalipo. Sindinawauze, kuopa kuti angabwere.

Vaneti inali mphatso ya bungwe lina lakunja kwa kalabu ya azimayi ogulitsa nsomba zouma. Lachisanu lililonse inkanyamula mitanga ya pende ndi mcheni kupita ku Buliji, kumene mabasi a ku Lusaka ndi ku Chipata amaima. Kutsogolo kunali malo a anthu atatu: dalaiva, ine pakati ngati ofisa, ndi wina wa kuchitseko. Ena onse ankakwera kumbuyo pamwamba pa katundu.

Chitseko chinaonetsa khalidwe lake pa ulendo woyamba. Msewu utangoyamba kugwedeza, chinatseguka chokha n'kutaya thumba la mabanzi. Ba Everisto anachimanga ndi waya, koma apolisi a pamlatho anati motoka ya chitseko chomangidwa siyenera kunyamula anthu. Chitseko chogwiridwa ndi munthu analibe nacho mawu. Choncho anamangirira chingwe pachogwirira chamkati, ndipo panafunika munthu woti azichikoka njira yonse, kupita ndi kubwerera.

Munthuyo anali a Rosalina. Anakulira ku Mphuka akupalasa bwato, ndipo mikono yawo inkaonetsa. Amuna awo atamwalira, achibale a malemu anatenga maukonde, bwato, ngakhale njinga, n'kuwasiyira ana ndi mphasa. Lamulo la kalabu linkati wokwera vaneti ndi yekhayo wadzaza mtanga. A Rosalina mtanga sakanaudzaza. Nsomba zawo zinali za m'kabeseni, zimene ankapatsidwa akathandiza ena kutumbula ndi kuwamba. Koma wogwira chitseko sankawerengedwa ngati wokwera. Anali ngati chitsulo china cha motoka, ndipo kabeseni kake kankakhala pamapazi. Ndi kabeseni kameneko ana awo ankadya ndi kupita kusukulu.

N'chifukwa chake funso lawo linakhala lopanda woyankha. Msonkhano unatha ndi pemphero lalifupi kuposa masiku onse.

Ba Everisto ananditsatira mu ofesi. Anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Ba Ofisa, ija wailesi ya ku khonsolo imakhosomola maningi. Mwina meseji sinamveke bwino."

"Inamveka, ba Dalaiva."

"Mwina anakamba Chisanu chinangu. Cha chaka chamawa."

"Mufuna tikambe kuti sitinamve?"

"Ine sininakambe. Nikamba chabe kuti wailesi ni yokalamba."

Ndinawakumbutsa za tsiku lija la mvula pamene tayala linagwera m'dzenje, chitseko n'kuwakoka a Rosalina mpaka theka la thupi lawo linali panja, ine nditawagwira chitenje. Anati akukumbuka. Anawonjezera kuti a Rosalina sanagwe. Ndinati Lachisanu tipita, ndipo loko aikidwa. Anavala chipewa n'kutuluka, osakwiya. Ndikuganiza kuti anangofuna kuti zidziwike kuti anayesa.

Tsiku lotsatira ndinapita kwa amai Eneless. Ndinawapeza akusanja nsomba pathandala, zazikulu uku, zazing'ono uko. Ndinapempha kuti kalabu ifewetse lamulo la mtanga.

"Mwana wanga, khala pansi," anatero. "Ukatsegulira kabeseni kamodzi, mawa tubeseni tonse twa mu Feira tuzaima pa ofesi yako. Uzasankha ndani? Motoka izagona pansi monga ng'ombe yodwala. Lamulo ija sinalembe ndine, inabwera na motoka."

Sananame.

"Na chinangu," anapitiriza, akutembenuza mcheni. "Unaonako kuti tcheya wofika pamsika ali wofiira monga chulu? Zaka zonse izi nadya fumbi. Anthu a mabasi amaona monga tcheya ni Rosalina."

Lachisanu m'mamawa amai Eneless anafika atavala chitenje chatsopano ndi nsapato zakutchalitchi. Anayenda molunjika kuchitseko cha kutsogolo. Anati munthu wa kampani ayenera kuona tcheya akutsika kutsogolo, osati akulendewera pamitanga. A Rosalina anali atafika kale ndi kabeseni kawo. Anayang'ana ine, ine ndinayang'ana ba Everisto, ba Everisto anapita kukamenya matayala ndi phazi.

"Lelo kwela kumbuyo, Rosalina," anatero amai Eneless. "Ni ulendo wako wothela, palibe azakamba."

"Chingwe chimafuna kukoka, amai. Maka-maka tikapitilila Katondwe."

"Iwe, nagwila mbuzi, nagwila ana, nagwila mwamuna wokonda moba mpaka anafa ali wanga. Chitseko ni chani?"

Azimayi a kumbuyo anaseka, a Rosalina nawonso. Anapereka chingwe ndi manja awiri n'kukwera pamitanga.

Poyamba ulendo unali wokoma. Dzuwa linali lisanakwiye, mtsinje unkaoneka n'kubisala kuseri kwa milambe, ndipo amai Eneless ankapereka moni kwa aliyense wa panjira, ngakhale amene sankawadziwa. Chingwe anachigwira ndi zala ziwiri ngati kapu ya tiyi. Anandifotokozera za mabanja onse a m'mbali mwa msewu, amene anakwatira bwino ndi amene anathamangira. Anafunsa ba Everisto ntchito ya kabatani kalikonse.

Titapitirira Katondwe msewu unasanduka wa mabampu ngati malata. Chitseko chinayamba kugogoda. Amai Eneless anawonjezera zala. Kenako anawonjezera dzanja lina. Nkhani za mabanja zinayamba kufupika, mpaka zinatha pakati pa ukwati wa munthu wina. Ndinkamva phewa lawo likulimba pafupi ndi langa. Thukuta linatsika kuchokera m'duku, koma analibe dzanja lopukutira. Ndinati ndiwathandize.

"Gwila chikwama chako, mwana wanga."

Pa kamtsinje kena kouma ba Everisto anatsika pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, koma pokwera tsidya linalo tayala linagunda mwala. Chitseko chinatseguka chonse. Amai Eneless anapita nacho, ine ndinawagwira m'chiuno, ndipo nsapato imodzi yakutchalitchi inauluka n'kukagwera mumchenga. Ba Everisto anaimitsa.

A kumbuyo anasuzumira n'kuona kuti tcheya ali moyo. Kenako kuseka kunaphulika.

"Ba Tcheya, mwatsika kale? Buliji ikali patali!" anakuwa a Emelina, amene pakamwa pawo sipankadziwa maudindo.

"Emelina, nizakuchotsa mu kalabu!"

"Yambani mwachotsa mchenga mu nsapato!"

A Rosalina anatsika, anakatola nsapato, anaikuntha n'kuwaveka amai Eneless kuphazi. Kenako anatenga chingwe, anachizunguliza pamkono wa tcheya m'malo mwa m'zala, n'kuwaonetsa popondera phazi. Amai Eneless sanathokoze. Koma chingwe anachisiya mmene chinaikidwira. Njira yotsalayo tinayenda ndi nyimbo ya kumbuyo imene a Emelina anayambitsa, yonena za nsapato.

Makanika tinamupeza pamthunzi pafupi ndi msika. Anali mnyamata waulemu wa ovolosi yoyera kwambiri, moti azimayi anakayikira ngati anagwirapo sipanala. Amai Eneless anatsika kutsogolo monga anafunira. Anapereka moni ndi dzanja lamanzere, lamanja atalibisa m'chitenje.

Mnyamatayo anaona chingwe n'kufunsa kuti chitseko chinayamba liti kuvuta.

"Kuchokela tsiku inabwela motoka," anatero ba Everisto.

"Nanga bwanji simunakambe?"

"Tinakamba. Feira yonse idziba."

Anafunsa ngati pali amene anavulalapo. Tonse tinati ayi, ndipo amai Eneless ndi amene ananena mokweza. Anamasula chitseko mkati, anachotsa loko wakale n'kumuika m'kathumba kuti abwerere naye ku Lusaka, ngati kuti kumeneko akamufunsa mafunso. Azimayi asanamalize kuyala nsomba, ntchito inali itatha. Anatseka chitseko. Chinalira kamodzi, khu, n'kukhala chete.

Ba Everisto anachikoka, anachikankha ndi phewa, anachigwedeza mpaka vaneti yonse inavina. Sichinatseguke. Kenako aliyense anafuna kuyesa: azimayi athu, ogulitsa madengu, ngakhale wapolisi wa pamlatho, amene anaoneka ngati walandidwa mnzake wakale. Ine ndinakondwa, ndipo sindinabise. Ndinali nditakhala pafupi ndi chitseko chimenecho nthawi yokwanira.

A Rosalina anayesa pomalizira. Anatsegula, anatseka, anakoka ndi mkono wawo wopalasa uja.

"Chagwila bwino," anatero. Anamasula chingwe, anachikulunga n'kuchipereka kwa ba Everisto.

Msika unayenda bwino tsiku limenelo. Mabasi anabwera odzaza, ndipo anthu a ku Lusaka ankanunkhiza nsomba ngati akudziwa chimene akufufuza. Kabeseni ka a Rosalina kanatha msanga. Anagula sopo, mchere ndi mafuta a nyale, kenako anazungulira msika wonse pang'onopang'ono, akulankhula ndi azimayi a m'matebulo amene anazolowerana nawo. Ndinaona kuti ena akuwagwira dzanja nthawi yaitali. Ine ndinagula nthochi n'kukhala pamwala, ndikuganiza za makalabu ena amene mwina akanawalandira a Rosalina. Onse anali kutali ndi msewu.

Amai Eneless anagulitsa atakhala pansi, zimene sankachita. Ndalama ankalandira ndi dzanja lamanzere. Masana anaitanitsa botolo la munkoyo, ndipo analinyamula ndi zikhatho zonse ziwiri ngati mwana. A Emelina anatsegula pakamwa, anaona nkhope ya tcheya, n'kutsekanso.

Dzuwa litapendeka tinakweza mitanga yopanda kanthu ndi matumba a ufa. Azimayi anakwera kumbuyo mmodzimmodzi. A Rosalina anaika kabeseni kawo pamwamba pa matumba n'kuponda tayala kuti akwere. Ine ndinalowa pakati, ba Everisto analowa mbali yawo, ndipo tinadikira tcheya.

Amai Eneless anabwera osafulumira. Anaima pachitseko chatsopano chija, anachitsegula, anayang'ana mpando. Kenako anachisiya chotsegula n'kupita kumbuyo.

"Emelina, nigwile dzanja. Osati ili, linangu. Rosalina, seluka."

A Rosalina anatsika, kabeseni kali m'manja.

"Kwela kutsogolo," anatero amai Eneless, akudzikonzera malo pathumba la ufa. "Lelo, na Chisanu chamawa, na Zisanu zonse. Malo aja ni yako."

"Nanga lamulo, ba Tcheya?" anafunsa a Emelina.

"Everisto, liza motoka. Dzuwa lapita."