Pinki wa a Chimbalanga

1.
Akuti Tinenenji wapenga.
Akuti njinga yake ya m'mapiri, ya matayala onenepa ija anagula pakaunjika ku Songani, waimasula yonse, felemu waipachika mumtengo wa mapeyala ngati mbuzi yosenda.
Akuti. Anayambitsa ndi anaNkhoma ogulitsa zitumbuwa pamsika wa Chinamwali, ndipo anaNkhoma nkhani ikangowalowa m'khutu, dzuwa silifika pamutu isanafike ku Matawale.

2.
Zoona zake ndi izi. Loweruka kuli mpikisano wa njinga, wotsika phiri n'kudutsa pamsika. Tine walembetsa, mtsikana yekhayekha pakati pa amuna makumi atatu. Bambo ake anawapempha chinthu chimodzi basi.
Ababa, mudzabwere mudzandione.
Ndidzaone chiyani mwanawe? Chifunga?
Bambo akewo ndi a Chimbalanga, aja ankalemba zikwangwani. Shuga anawadya maso. Chaka chonse chino sanadutsepo pageti.

3.
Zimene a Chimbalanga anapenta Tine asanabadwe:
minibasi zisanu ndi ziwiri,
saluni ya mayi wina wa ku Mpondabwino,
mkango wa pakhoma la golosale, umene agalu ankauuwa,
mphezi zokhotakhota, madontho, timakona, pinki pamwamba pa chikasu, chikasu pamwamba pa girini.
Zonse zinasuluka.

4.
Lolemba Tine anakumbukira kuti adokotala ananenapo kuti chinthu chowala kwambiri mwina bambo angachione pang'ono, ndiye anathamangira kutauni n'kugula zitini za penti wopopera, wowala uja amapenta pamalaya a anthu okonza misewu, pinki ndi chikasu ndi girini, anabwera nazo m'chikwama zikugogoda, sanadye n'komwe, anagwedeza chitini mpaka mkono kuwawa n'kuyamba kupopera pafelemu yakuda ija akuganiza kuti Loweruka akamadzatsika phiri bambo ake adzaona kamoto kakubwera pakati pa chifunga chawocho n'kudziwa kuti kamotoko ndi mwana wawo
Penti anauma.
Ankaoneka ngati matope.

5.
Fungo linalowa pawindo. Mawu a bambo anatuluka pawindo pomwepo.
Tine, penti ameneyo wapopera pa chiyani?
Pafelemu, ababa.
Felemuyo ndi yamtundu wanji?
Yakuda.
A Chimbalanga anaseka, kuseka kumene m'nyumbamo anali atakuiwala.
Mwana wa wolemba zikwangwani kupopera pinki pa chakuda. Anthu asamve. Penti wowalayo sawala yekha, amafuna woyera pansi pake. Pala zonsezo.
Zonse?
Zonse. Mpaka chitsulo.
Chitseko chinalira, a Chimbalanga anatuluka. Khonde. Masitepe awiri. Pansi pa mtengo wa mapeyala.

6.
Lachiwiri, sandipepala.
Lachitatu, woyera. Kawiri. Wachiwiri adikire woyamba aume, osapupuluma.
Lachinayi, tepi.
Iwe gwira apa. Ayi, apa. Koka tepiyo iwongoke, mphezi sikhota ngati njoka, imathyoka. Bweretsa chala chako. Wamva m'mphepetemu? Ukapanda kukanikiza, penti alowa pansi, mzere uoneka ngati waulumaluma khoswe.
Zala za a Chimbalanga zinkayenda pafelemu ngati zikuwerenga kalata yakale.

7.
Akuti Tine akufuna kukopa mnyamata wina wa kabaza.
Akuti ayi, ndi zizimba zopambanira mpikisano.
Akuti a Chimbalanga atuluka panja, avala ndi ovolosi yawo yakale yamadonthomadontho.
AnaNkhoma anabwera kudzapempha mchere. Katatu, tsiku limodzi. Ulendo wachitatu a Chimbalanga anawafunsa.
Mayi, mchere tikupatsani, koma tandiuzani, mukuona bwanji?
Bambo, kunena mosabisa, pinki ameneyu akubaya m'maso. Munthu sungayende naye pamsewu anthu osakuloza.
Wamva Tine? Onjezera wina.

8.
Lachisanu anamatula tepi. Pinki kutsogolo, akumasungunuka kulowa m'chikasu, mphezi yagirini kuchokera pachiwongolero mpaka pachishalo, madontho akuda owaza ndi mswachi wakale. Tine anaimika felemu padzuwa, pamaso penipeni pa bambo ake.
Ababa, mukuiona?
Mangirira matayala, mwanawe. Nthawi yatha.
Sanafunsenso. Anamanga matayala, misozi ikugwera pasipanala.

9.
Loweruka.
Fumbi, miyala, amuna makumi atatu, njinga zakuda, zotuwa, zabuluu wotopa. Tine anagwa kamodzi pafupi ndi mlatho, bondo linasupuka, anadzuka. Potsetsereka polowera kumsika mphepo inamutseka makutu, sankamva kalikonse, ankangoona mitu ya anthu mbali zonse ziwiri, ndipo cha patsogolo, pafupi ndi beseni la zitumbuwa, jekete yabulauni ya kutchalitchi.
Bambo ake.
Ataimirira. Dzanja lili m'mwamba iye asanafike n'komwe, nkhope ikutembenuka naye bwinobwino mpaka anadutsa.
Anamaliza wachisanu ndi chinayi. Sanafunse n'komwe kuti wapambana ndani.

10.
Ababa, munandiona. Ndinakuonani mukundiona.
A Chimbalanga anapapasa chiwongolero, n'kutsetsereka ndi chala pamphezi ija.
Pinki ameneyu sindinamuonepo, mwanawe. Ngakhale Lachisanu padzuwa paja. Ndinadziwa kuyambira Lolemba kuti sindidzamuona.
Nanga dzanja lija?
Unali udakali kumtunda, anthu anayamba kale. Uyo wa pinki uyo. Wagwa. Wadzuka. Wapitirira awiri. Ana, amayi a tomato, a kabaza, msika wonse. AnaNkhoma anandigwira jekete n'kumandiuza chilichonse, mpaka magazi a pabondo pakopo. Njinga yakuda akanaitchula ndani? Zaka makumi awiri ndinkapenta zinthu zoti anthu alephere kukhala chete. Maso anga anatha, koma pakamwa pa Chinamwali sipanathe.
AnaNkhoma anapukuta manja pachitenje.
Ine bambo sindikonda zolankhulalankhula, kungoti mwanayu amatchova.

Akuti Lolemba m'mawa pageti pa a Chimbalanga panali njinga zitatu za kabaza, eni ake atagwira zitini.
Akuti anawauza kuti ayambe apala. Mpaka chitsulo.