Chilango cha Ba Ticha

Ndinaphunzitsa zaka makumi atatu kuno ku Kasama, koma palibe kalasi imene inandizunguza mutu ngati gulu la pa foni limene ndinayambitsa nditapuma ntchito. Ntchito yake inali imodzi basi: aliyense awerenge mokweza mutu umodzi wa mabuku a giredi seveni, ajambule mawu ake, kuti ana osaona a kusukulu ya kumishoni azimvera pokonzekera mayeso. Analowa anthu makumi anayi, ambiri ana anga a m'kalasi akalekale, ena lero ali ndi imvi.

M'malo mwa mitu ankatumiza zithunzi za maluwa, mapemphero a m'mawa ndi mikangano ya mpira. Tsiku lina ndinapsa mtima, n'kulemba kuti aliyense atseke pakamwa mpaka ndidzanene ine.

Anatsekadi. Masabata asanu ndi limodzi ndinkayankhula ndekha ngati wamisala pamsika. Ndinagawa mitu, zii. Ndinawakumbutsa kuti mayeso ayandikira, zii. Mauthenga angawo kuwerenga ankawerenga, ndinkaona, koma woyankha panalibe. Zinandiwawa, ndisaname. Ana osaona aja ndinali nditawalonjeza kale, ndipo mmodzi wa iwo, Bwembya, ankandifunsa ulendo uliwonse kuti sayansi ifika liti.

Ndinalemba komaliza kuti Loweruka tikumane kuholo ya tchalitchi, gululi ndilithetse iwo akuona. Ndinaika mipando itatu, ndipo ndinkaona ngati yachuluka.

Anabwera pafupifupi onse. Anaima kukhoma, osakhala pansi, mpaka Kapembwa, woyendetsa minibasi wachimimba chake, anakweza dzanja.

"Ba Ticha, kodi chilango chatha?"

Ndinamufunsa kuti chilango chanji. Anandionetsa foni yake. Pamalo polembera panali mawu akuti wololedwa kulemba ndi woyang'anira yekha. M'pamene ndinakumbukira kuti tsiku lokwiya lija ndinatseka gululo, ndili ndi maganizo otsegula mawa lake.

"Nanga osandiimbira bwanji, anthu akuluakulu ngati inu?"

"Tiimbire inuyo?" anatero Chileshe, yemwe pano ndi namwino. "Ine ndikukumbukirabe zomwe anaona Kapembwa atakufunsani kuti kugwada kutha nthawi yanji."

Holo yonse inafa ndi phwete, inenso ndinalephera kudzigwira. Anaulula kuti anatsegula gulu lina lokambirana za munthu woti adzandipepese, koma aliyense ankakankhira mnzake. Podikira chikhululukiro, mitu yonse anali atajambula, ena mobwerezabwereza poopa kuti ndiwabweza.

Ndinatsegula gululo pomwepo. Foni inayamba kunjenjemera osalekeza, mutu pambuyo pa mutu, ndipo pakatikati wina wopanda mantha anatumiza duwa. Ndinamusiya.

Lolemba Bwembya anamvera sayansi yake. Wowerenga anali Kapembwa, yemwe ali mwana sankamaliza mzere osadodoma. Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Bwembya atandifunsa kuti bambo owerenga bwino chonchi anawaphunzitsa ndani, ndinayamba ndatuluka panja kukapukuta m'maso.