Kupepesa kwa Marjory

Moni owerenga okondedwa. Tiyamike Mulungu amene watisunga mpaka lero.

Ba Virginia anafika pakhomo pa Ba Ngosa ku Mtendere mtima uli m'mwamba, Marjory akuwatsata. Mtsikanayu anapirikitsidwa pakhomopa atagenda amalume akewo ndi mbale, ukali utamugwira. Ankagona kutchalitchi, koma ufa unali utasowa m'mashopu ndipo mpingo sukanathanso kumudyetsa. Akapanda kukhululukidwa lero, kwake kukhala mumsewu.

Kutchalitchiko Ba Virginia ankaphunzitsa achinyamata a mtima wapachala kupuma asanayankhe, kupempha, ndi kupepesa. Luso limeneli analitenga kwa alendo a bungwe lina lakunja, amene anati wopepesa aziima mowongoka ndi kuyang'ana munthu m'maso.

Ba Ngosa anali pampando panja. Chitsekereni fakitale imene ankagwirako ntchito, ankangoswera pamenepo.

Marjory anaima nji, n'kuwayang'anitsitsa. "Amalume, nabwera kupepesa."

"Iwe! Uniyang'ana monga ndine mnzako?" anakalipa Ba Ngosa akudzambatuka. "Ba Virginia, ni vamene mumuphunzitsa ivi? Kuniimirira pamutu?"

Anansi anayamba kusuzumira kumpanda. Marjory anakunga zibakera. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma lero kalumoko kanali katacheka mwana. "Ambuye," anapemphera chamumtima Ba Virginia, "Inu amene munatontholetsa namondwe, gwirani manja awa."

Kenaka mayi wamkuluyo anagwada pafumbi, mutu pansi, n'kuyamba kuomba m'manja.

"Puma, mwanawanga," ananong'ona. "Ona vamene nichita."

Marjory anapumira m'mwamba ngati wathamanga mtunda wautali. Chibakera chimodzi chinamasuka. Mawondo anakana, anakananso, kenaka anafika pansi.

"Nalakwa, amalume." Misozi inadontha pafumbi.

Ba Ngosa anayang'ana chipata, kenaka anayang'ana mwana wa mlongo wawo.

"Nyamukani, Ba Virginia, muzadetsa chitenje," anatero potsiriza. Anatembenukira kukhomo n'kuitana akazi awo. "Ba Maud! Thirani madzi mu nyemba izo. Tachuluka lero."

Ambuye akudalitseni, owerenga, ndipo khomo limene mugogodapo likutsegukireni.