Chinyontho pa Bwalo la Mphende Stars

Mphende Stars inali itafika mu semifainolo koyamba chiyambire, ndipo padoko pathu panalibenso nkhani ina. Nsomba zinkatsika m'mabwato anthu akukangana, zinkagulidwa anthu akukanganabe. Pansi pa mtengo wa nimu pamene asodzi amasokera maukonde, aliyense anali kochi, ngakhale uja sanamenyepo mpira chibadwire.

"Kochi Ernest ameneyu atiphetsa," anatero Smart, wakabaza amene mawu ake amafika kutsidya kwa Shire popanda foni. "Munthu wanzeru angamusiye Francis pabenchi? Francis akangogwira mpira madifenda amayamba kupemphera."

"Francis wakoyo mpweya umamuthera theka loyamba," anayankha msodzi wina maso ali pa ukonde. "Theka lachiwiri amayenda ngati akuchokera kumaliro."

"Nkhabe, ayi! Vuto si Francis, shamwali," anabweza Smart. "Vuto ndi a Macdonald. Anagula majezi, ndiye akuyesa anagula ndi miyendo ya ana athu yomwe. Amaimba foni ali ku Limbe kumuuza kochi woti alowe ndi woti atuluke. Timu ino ndi yathu, si ya munthu wogulitsa milamba youma."

A Macdonald anali amalonda, ankapikula nsomba zouma kuno n'kukagulitsa m'tauni. Majezi ndi mipira zinkachokeradi m'thumba mwawo. Timu ikapambana anthu ankawatchula kuti abwana, ikagonja ankasanduka wogulitsa milamba.

Mkangano wotere unkatsekedwa ndi bambo Kaitano. Nyimbo zonse zochemerera anapeka ndi iwo, goloboyi wathu Daliso anali mwana wawo woyamba, ndipo bwalo lenilenilo linali pamalo amene anawasiyira bambo awo. Koma sabata imeneyo a Kaitano ankangokhala pa bwato lovundikira, chipewa chili m'manja, kumangochitembenuza. Smart akawafunsa kuti, "Madala, sichoncho?" iwo ankangoti, "Ande," osadziwa n'komwe chimene avomera.

Chinkawadya mumtima ndi ichi. Madzi a chaka chimenecho anawachita chipongwe chosasimbika. Ruo anakankha Shire, Shire anakwera kumidzi, mapira a kumunda wa kumtunda anapita onse. Madzi ataphwa, dimba la a Kaitano linapezeka litakwiriridwa ndi mchenga wofika m'chiuno. Koma bwalo la mpira, malo okwererako a nthaka yofiira yolimba gwa imene sinameretsepo ndi therere lomwe, linatsala litakutidwa ndi thope lakuda lonona. Banja lonse la Kaitano linalibenso pena pobzala koma pabwalopo.

Kuno kwathu dimba silidikira munthu. Madzi akamabwerera kumtsinje umawatsata pambuyo ndi khasu, n'kubzala chinyontho chikadalipo, chifukwa mvula ndiye yatsanzika, ndipo dzuwa la kuchigwa kuno silichita nthabwala. Anthu onse oyandikana ndi bwalo anali atabzala kale. Chimanga chawo chinali chitafika m'mawondo, bwalo lili pakati mbee, anyamata akulipondaponda madzulo aliwonse.

Mayi Priska, akazi a Kaitano, anali atawoloka kupita kwa alongo awo ku Mozambique n'kubwerako ndi mitolo ya kholowa, mbewu ya mbatata yabwino ija yofiira m'kati. Anaiika pamthunzi kuseri kwa nyumba, n'kumaiwaza madzi m'mawa ndi madzulo. Masana ena a Kaitano atabwera kuchokera kudoko anawapeza akuchotsa masamba achikasu.

"Bambo a Daliso, kholowayu wayamba kufota."

"Loweruka lokhali, mayi a Daliso. Fainolo ili kuboma, bwalo lathu silifunikanso. Lolemba m'mawa ndikazula magolo ndi manja angawa."

"Munateronso masewero apitawa."

"Nanga ine ndinkadziwa kuti tipambana?"

Sanali kunama ayi. Pa masewero apitawo anapita kubwalo atagonja kale mumtima, akuganiza kuti timu ikatuluka ndiye kuti khasu lilowa. Koma Daliso anagwira penate. A Kaitano anadumpha, anaponya chipewa m'mwamba, anavina mpaka fumbi koboo, ndipo chipewa chisanatere n'komwe anakumbukira mitolo ili kuseri kwa nyumba.

"Ndiye mukufuna chaka chino ndikalowe m'dambo kukazula nyika?" anafunsa mayi Priska. "Ndi msinkhu wangawu? Mwaiwala mmene anabwerera a Juliana?"

Nyika ndi mizu ija ya maluwa a m'madzi imene timadya njala ikavuta, ndipo oizula ndi amayi, madzi ali m'khosi, m'malo omwemo mogona ng'ona. A Juliana anapita ndi miyendo iwiri, anabwerako ndi umodzi.

M'mawa uliwonse a Kaitano ankadzera kubwalo. Ankapita kuseri kwa golo lakum'mawa, m'mphepete mwa chimanga cha anansi awo, n'kubaya pansi ndi kamtengo. Kamtengo kankatuluka konyowa. Akatero ankapuma pang'ono, n'kumadziuza kuti nthaka ipirira mpaka Lolemba. Koma mtima sunkakhala pansi. Chakudya chinkawakanika, ndipo akamva mphepo yotentha ikuwomba masana ankayang'ana kumwamba ngati munthu amene denga lake likusasuka.

Lachisanu masana, mkangano uli pachimake pansi pa nimu, kochi Ernest anatulukira pa njinga thukuta lili kamukamu. Sanatsike n'komwe bwinobwino.

"Masewero a mawa kulibe. Asunthidwa mpaka kumapeto kwa mwezi."

"Wasuntha ndani?"

"A Macdonald apempha akomiti. Akuti aitanitsa nsapato za mpira za timu yonse, ndiye sizinafike. Akuti sitingakumane ndi anyamata a kuesiteti ife tili chosavala."

Padoko panawira. Ena ankati a Macdonald achita bwino, chifukwa anyamata a kuesiteti amaponda zala dala. Ena ankati ana athu anakulira kusewera chosavala, ukawaveka nsapato adzayenda ngati abakha. Smart anakwera pa bwato kuti aoneke.

"Anafunsa ndani? Ndikuti anafunsa ndani? Ife timasiya kabaza, timasiya maukonde, timapsa ndi dzuwa kuchemerera, iwo ali pa mpando ku Limbe. Timu ino ndi ya anthu! Ndi yathu tonse!"

Anthu anawomba m'manja. Pamenepo ndi pamene a Kaitano anaimirira.

"Ine ndikulima bwalo," anatero.

Onse anayankhulira pamodzi. Tikasewerera kuti? Bwalo la kusukulu madzi analidula pakati, pali chigwembe choti n'kumiramo ng'ombe. Timu yopanda bwalo akomiti amangoiwerenga kuti yagonja. Madala mwatani kodi, mwadwala? Inu amene, woyambitsa nyimbo?

"Madala," anatero Smart atatsitsako mawu, "bwalo lija ndi la timu. Ndipo timu ndi ya tonse."

"Ande, ndi ya tonse," anavomera a Kaitano. "Ndiye tichite chonchi, abale anga. Aliyense amene ali ndi dimba pano andidulireko mzere umodzi kapena iwiri, ndikabzale kholowa wa mayi a Daliso. Mukatero bwalo ndilisiya, musewere mpaka chaka chithe."

Sindinaonepo anthu akukonda maukonde awo ngati tsiku limenelo. Mitu yonse inawerama, zala zonse zinapeza pong'ambika. Wina anati dimba lake ndi la kuchikazi, sangalamulepo. Wina anati anabzala kale mpaka m'malire. Wina anakumbukira kuti nsomba zake zili padzuwa ndipo akhwangwala achuluka. Smart, amene ali ndi dimba lalikulu kuposa onse, anatsika pa bwato paja n'kukanda kumutu.

"Nkhani ya bwalo, kunena zoona, ndi ya mwini timu," anatero. "Tiwaimbire a Macdonald."

Timu ya tonse inasanduka ya munthu mmodzi malovu asanaume mkamwa. Zinandinyansa, ndipo zimandinyansabe.

Kochi Ernest anaimba foni n'kuikweza mawu kuti onse amve. Anafotokoza zonse. Kumbali inayo kunkamveka maminibasi ndi oitanira.

"Akuluakulu, ine zanga ndi majezi ndi mipira," anatero a Macdonald. "Nsapatonso ndi izi zikubwera. Koma bwalo ndi la m'mudzi. Kambiranani nokha kumeneko, eni ake timu ndinu." Foni inaduka.

A Kaitano anavala chipewa. Kochi anawatsatira pang'ono n'kuwagwira mkono.

"Ankolo, ganizani za Daliso. Tikafika fainolo kuboma kudzabwera anthu a matimu akuluakulu. Goloboyi ngati uja sangamusiye. Mwayi wake ndi womwewu."

"Ndikudziwa, Ernest," anatero a Kaitano. "Ukuyesa sindikudziwa?"

Anafika kunyumba, anatenga khasu pakhonde, anauza akazi awo kuti asenze kholowa. Mayi Priska anamanga mitolo yonse pamodzi ndi chitenje, anasenza, n'kutsata amuna awo. Dzuwa linali litapendeka pang'ono, ndipo anthu a padoko, amene anali atasowa mizere yopereka, sanasowe miyendo yobwera kudzaonerera.

Pabwalo anyamata anali pa tirenin'gi. Ataona khasu anaimitsa mpira. Daliso anali pagolo, anavula magolovesi ake ong'ambika n'kungoima. A Kaitano sanamuyang'ane. Anayenda mpaka pakati penipeni, analavulira m'manja, anakweza khasu n'kulitsitsa ndi mphamvu zawo zonse.

Khasu linalira ngati lamenya mwala, n'kudumpha. Panangotuluka kafumbi.

Anamenyanso. Anamenyanso kachitatu, mpaka chibuma chinasweka. Anachitola n'kuchiphwanya pa bondo. M'kati monse chinali chotuwa, chouma gwa. Anakumba pomwepo mothamanga, mpweya ukuwathera, mpaka thope lakuda linatha, khasu linafika pa nthaka yakale yofiira ija. Thopelo silinali lakuya n'komwe, linangoyala pamwamba, ndipo mapazi a anyamata ndi dzuwa zinali zitaliumba kukhala njerwa.

"Yesani cha uko," anatero mayi Priska, mawu ali pansipansi.

Anayesa chakumpoto. Anayesa pakona. Manja atayamba kuwakanika, Daliso anabwera, anawalanda khasu, n'kukakumba yekha pagolo pake, pamene amagwera masiku onse. Anakumba mpaka thukuta linanyowetsa jezi. Anasunthira golo linalo. Paliponse chinkatuluka ndi fumbi lomwelo.

A Kaitano anathamangira kuseri kwa golo lakum'mawa, kumene ankabaya ndi kamtengo m'mawa uliwonse. Anapala ndi zala. Panali ponyowa ndithu, pozizira bwino. Koma pamenepo panali potsetserekera, pamthunzi wa chimanga cha anansi, posapondedwa ndi munthu, ndipo malire a malo awo anathera pa mzere wa golo. Masiku onsewa ankayeza chinyontho cha m'munda mwa eni ake.

Mayi Priska anatula mtolo. Anagwada pa dzenje lina, anatapa dothi, analifinya m'manja, n'kutambasula zala. Silinagwirane, linangoyoyoka. Anakhala chogwada nthawi ndithu, akuyang'ana chikhatho chawo.

Woyamba kuyankhula anali Smart. Anayandikira pang'onopang'ono, chipewa cha kabaza chili kukhwapa, nkhope yachisoni ndithu, pakuti si munthu woipa mtima.

"Pepani, madala. Pepani kwambiri, mayi. Zoopsa izi. Koma poti apa sipameranso kanthu, maenjewa tingokwirira? Kuti mwina kumapeto kwa mweziku kusewereke?"

Amene anayankha ndi mayi Priska.

"Kwirirani," anatero. "Sewerani."

Anadzuka, anasansa mawondo, anasenzanso mtolo wawo. Panjira yopita kumudzi panali mbuzi za eni ake zikubudula minga. Anaima pomwepo, anamasula chitenje, anakhuthulira kholowa yense pansi, mbuzi n'kumuunjirira. Anapinda chitenje chawo bwinobwino n'kumapita kunyumba osacheuka.

Anyamata anayang'anizana, kenako mmodzi anayamba kukankhira dothi m'dzenje ndi phazi, anzake n'kutsatira. Daliso yekha sanasunthe, anangoima pagolo khasu lili m'manja, maso ali kunjira kumene amayi ake analowera.

A Kaitano anabwerera pakati pa bwalo osadziwa chimene akukatengako. Anaima pa dzenje loyamba lija. Ankamva mbuzi zikutafuna. Atayang'ana pansi anapeza phazi lawo lomwe likukokera zibuma m'dzenjemo, chidendene chikutsendera bwinobwino kuti mwana wa munthu asadzathyokepo mwendo. Anakhala pansi pomwepo n'kulira mokweza, anthu onse akuona.