Kiyibodi ya thabwa

Bambo Matthew Chimpeni anali kalipentala wodziwika pa Mwanza Boma. Shedi yawo inali kuseri kwa msika, pafupi ndi pomwe amayi amayala manachesi, ndipo zitseko zambiri za pa Bomapo zinadutsa m'manja mwawo. Lamulungu ankaimba besi m'kwaya, koma ankangotsatira anzawo ndi khutu. Mapepala a do-re-mi akagawidwa, iwo ankawagwira mwaulemu, n'kumayang'ana pakamwa pa mnzawo wapambali.

Lachiwiri lina kunabwera mtsikana wovala diresi yachikasu, atapachika kachikwama paphewa. Anali Estela, mwana wa a Francisco, omwe anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique ndipo sanabwererenso. Estela anabadwira ku Mwanza komweko, koma anakakhala zaka zisanu ku Tete kwa azakhali ake, komwe masisitere anamuphunzitsa kuimba kiyibodi. Tsopano ankaphunzitsa pa sukulu ya mkombaphala kumtunda kwa chipatala.

"Bambo, ndikufuna tebulo lalifupi loikapo kiyibodi, ndi mabenchi awiri," anatero atapereka moni. "Ndikuyamba kuphunzitsa ana nyimbo Loweruka lililonse."

A Chimpeni sankapanga chinthu asanayeze, choncho madzulo ake anapita kusukuluko ndi tepi yawo. Kiyibodiyo inali yakale, batani limodzi lomatidwa ndi selotepi. Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi, ndipo mwa chizolowezi anayezanso makiyi, oyera ndi akuda, n'kulemba zonse m'kope. Pochotsa tepi, chala chawo chinakhudza kiyi imodzi ndipo inalira. Anadzidzimuka n'kubweza dzanja ngati agwira mbaula.

Estela anaseka. "Siluma, bambo. Kunyumba kulibe mwana?"

Mwana analipo. Iness, wa zaka zisanu ndi zitatu, ankakhala ndi agogo akewo chifukwa mayi ake, Jane, ankagwira ntchito ku Blantyre. Loweruka loyamba a Chimpeni anamukweza pa njinga n'kumuperekeza. Ana anabwera asanu ndi awiri. Iwo anati adikire pakhonde, popeza kubwerera kushedi n'kudzabweranso kunali kungotha matayala. Loweruka lachiwiri anadikiranso pomwepo, koma atasendera kufupi ndi windo.

Loweruka lachitatu Estela anafunsa anawo kuti, "Ndani andionetse pomwe pali do?" Wina ankayamwa chala, wina ankayang'ana buluzi kudenga. Anafunsanso kachiwiri.

"Kumanzere kwa akuda awiri aja!"

Mawuwo anachokera pawindo, ndipo anali a besi. Ana anaphulika kuseka. A Chimpeni anagwira pakamwa, osakhulupirira kuti atuluka mwa iwo.

Ana atatuluka kukasewera, Estela anaitana a Chimpeni kuti alowe. Iwo anakana, nati ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo mutu wawo unadzaza kale ndi mainchesi. Kenako anamuonetsa dzanja lamanzere. Chala chapakati chinali chachifupi. Makina ochekera matabwa anachidula ali mnyamata, ndipo chotsalacho sichinkapindika.

"Tiyamba ndi lamanja," anatero Estela, akukoka benchi lomwe iwo anapanga. "Khalani. Devagar, pang'onopang'ono. Chala chachikulu apa."

Anakhala. Benchilo linali la ana, moti maondo anawafika pafupi ndi chifuwa. Do, re, mi. Zala zozolowera puleni ndi hamala zinkadinda makiyi awiri nthawi imodzi. Koma ulendo wachisanu mawu atatuwo anatuluka oyera, motsatana. Zaka zonsezi ankaimba mawu amenewa osadziwa kuti ali ndi malo awoawo pomwe munthu angawapeze ndi chala.

Kunyumba Iness ndiye anaulula, asanatsike n'komwe pa njinga. Mayi Esime, akazi awo a Chimpeni, ankaanika mtedza pabwalo. Anaweramuka n'kuyang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Abambo ake Jane, zoona zimenezi? Paja akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Ndiye mwadziyang'ana pagalasi?"

Anaseka onse atatu. Koma kuseka kwa kushedi kunali kwina. A Kinsley, okhoma zidebe pa shedi yoyandikana nayo, anamva nkhaniyi Lolemba m'mawa, ndipo tsiku lonse aliyense wodutsa ankauzidwa. "Mwamva? Achimwene athuwa ayamba mkombaphala. Loweruka likubwerali tiwagulira kamba wonyamula." A Chimpeni anangolimbikira kupala thabwa mpaka linatsala pang'ono kuonda kuposa muyeso.

Loweruka analowa m'kalasi, nakhala kumapeto kwa benchi.

Vuto linaoneka msanga. Kiyibodi inali imodzi, ophunzira asanu ndi atatu. Aliyense ankaigwira mphindi zisanu, kenako n'kudikira sabata yathunthu, zala zitaiwala zonse. Masabata awiri otsatizana magetsi anazima phunziro lili pakati, ana n'kumangoomba m'manja ndi kuwerenga mpaka nthawi itatha. Ana awiri anasiya kubwera. A Chimpeni anaona Estela akukulunga waya wa kiyibodi mwakachetechete, nkhope itagwa.

Lolemba anatsegula kope lawo lija. Miyeso yonse inalimo. Anatenga chidutswa cha thabwa la paini, anachipala bwinobwino, anachipaka penti yoyera yotsala pa kabati ya munthu wina. Itauma anajambula mizere ya makiyi ndi pensulo, n'kuidinda ndi chizulo kuti chala chizimva malire. Makiyi akuda anawasema patokha, timitengo tating'ono, n'kutimata ndi guluu, tiwiri, titatu, tiwiri, titatu.

Madzulo dzuwa lisanalowe anaika thabwalo pa mpando pakhonde, iwo ndi Iness n'kumasinthana. Thabwa silinkalira, choncho wodinda ankayenera kuimba yekha mawu a kiyi yomwe wadinda. Iness akalakwitsa chala, khutu la agogo ake linkagwira. Agogo akalakwitsa, diso la Iness linkagwira. Mayi Esime ankati nyumba yasanduka tchalitchi chopanda abusa.

Estela ataliona thabwalo analisisita. Anayala zala zake pamenepo n'kupeza kuti kiyi iliyonse ili pamalo pake ndendende.

"Bambo, mungapange angati?"

"Zidutswa zilipo zambiri. Zimangothera pamoto."

Pasanathe milungu iwiri mwana aliyense anali ndi thabwa lake lopita nalo kunyumba. Loweruka m'mawa anthu a pa Boma ankaona ana akudutsa pamsika atasenza makiyibodi pamutu. Awiri anasiya aja anabwerera, ndipo kunabweranso Tiyese, mtsikana wochokera ku Nthache, yemwe mayi ake ankabwera naye pa njinga pobweretsa makala kumsika. Magetsi akazima, phunziro silinkaimanso. Onse ankadinda matabwa awo n'kumaimba limodzi, timawu ta ana pamwamba, besi imodzi pansi.

Zinayenda bwino mpaka mwezi wa Okutobala, pomwe Estela anati yakwana nthawi ya dzanja lamanzere. Anawapekera kanyimbo kakafupi konena za mbuzi yomwe inathawira m'munda wa mtedza ku Kanduku. Dzanja lamanja linkaimba nyimboyo, lamanzere linkadinda makiyi atatu pamodzi. Iness anakagwira m'masabata awiri. Tiyese, yemwe anayamba mochedwa, anakagwira m'masabata atatu. A Chimpeni ankati akadinda, makiyi awiri ankalira, yapakati osalira, chifukwa chala chachifupi chija sichinkafika. Akachikakamiza, dzanja lonse linkapendama n'kugunda makiyi olakwika.

Loweruka lina, pamaso pa ana onse, anayesa kasanu ndi kawiri. Iness, mosaganiza, anati, "Agogo, n'zophwekatu, taonani," n'kuwachotsa dzanja n'kuikapo lake. Palibe anaseka. Komabe a Chimpeni anadzuka, nati akukaona njinga panja, ndipo sanalowenso.

Loweruka lotsatira anamusiya Iness pageti n'kubwerera kushedi. Linalo anachitanso chimodzimodzi. Kunyumba thabwa lawo analiika pamwamba pa kabati. Mayi Esime, omwe poyamba ankawaseka, anafunsa kawiri kuti bwanji khonde lazizira, koma iwo anati ntchito yachuluka.

Lachinayi masana Estela anatulukira kushedi, atapanira thabwa la makiyi kukhwapa. A Kinsley anasiya kukhoma chidebe kuti amve bwino.

"Aphunzitsi, musadzivute," anayamba a Chimpeni. "Chalachi sichimeranso. Malo angawo apatseni mwana wina."

Estela anaika thabwa pa tebulo lopalirapo, n'kukweza dzanja lake lamanzere. Chala chapakati chinali chopindidwa, chomangidwa ndi kansalu.

"Mwavulala?"

"Ayi. Ndakhala ndikuimba chonchi sabata yonse. Wolakwa ndine, bambo. Ndimakuphunzitsani za dzanja langa m'malo mwa dzanja lanu." Anayala zala zinayi zotsalazo pathabwa. "Taonani. Chaching'ono apa, cholozera apa, chachikulu apa. Chapakati chilibe ntchito. Pena pomwe sizikutheka, mudinde awiri okha, wapansi ndi wapamwamba. Nyimbo imamveka bwinobwino, ndayesa."

Anatulutsa pepala pomwe analembapo manambala a zala pa kanyimbo konse, mzere ndi mzere. A Chimpeni anapukuta utuchi m'manja. Anayala dzanja lawo monga anaonera. Cholozera chinafika pomwe chachifupi chinkalephera, mosavuta konse. Anachotsa dzanja, n'kuliikanso. Linafikanso.

"Ndiye bwanji simunanene kale?" anafunsa.

"Nanenso ndikuphunzira kumene kuphunzitsa. Outra vez, bwerezani."

Anabwereza, akuimba chapansipansi za mbuzi ya ku Kanduku, pakati pa phokoso la msika ndi malole opita kuchipata cholowera ku Mozambique. Madzulo ake Iness anawapeza atatsitsa thabwa pakabati. Mwanayo anaima pakhomo, akupotokola diresi.

"Agogo, ndinakulakwirani?"

"Iwe bwera kuno undiyang'anire lamanjali. Ine maso anga ali kumanzere."

Sabata yotsekera sukulu mu Disembala, Estela anaitana makolo Loweruka masana. Anakhala pa timipando ta mkombaphala, ena anaima m'mawindo. Jane anabwera pa minibasi kuchokera ku Blantyre. Mvula inali itagwa m'mawa, koma magetsi analipo. Ana anaimba mmodzimmodzi, wina analira n'kuthawira kwa mayi ake, wina anaimba mothamanga ngati akuthawa galu. Iness anaimba bwino kwambiri moti Jane anaiwala kujambula pafoni.

A Chimpeni anali omaliza. Anavala jekete la kutchalitchi ngakhale kunkatentha. Mzere woyamba unayenda. Pa wachiwiri manja awiri anasemphana, lamanja patsogolo, lamanzere m'mbuyo, ndipo anaima. Anamva thukuta likutsika kumsana. Anayang'ana zala zawo, napuma, nanena mokweza kuti, "Pepani, ndiyambirenso." Anayambiranso, pang'onopang'ono kuposa ana onse, ndipo anafika kumapeto. Mayi Esime ndiwo anayamba nthungululu.

Anthu akubalalika, mayi wina wamtali anatsalira pakhomo. Anali a Flossie, mayi ake a Tiyese. Anadikira mpaka Estela atatsala ndi a Chimpeni okha, akusanja mabenchi.

"Aphunzitsi, ndimati ndifunse. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 3. Kuwerenga ndimachita kugwiragwira. Koma thabwa la mwanayu ndimalidinda iye akapita kusukulu." Anayang'ana pansi. "Kaya akuluakulu mumalandira, kapena ndi bambowa okha?"

Estela anayang'ana a Chimpeni, kenako anati Lachitatu lililonse ikakwana 3 koloko, ana a mkombaphala ataweruka, chipindacho chimangokhala.

Lachitatu loyamba la Januwale kunabwera akuluakulu anayi: a Chimpeni, a Flossie, a Liness ogulitsa mandasi pa depoti, ndi mlonda wina wa kusitolo yemwe ananena kuti wangobwera kudzaonerera. A Flossie anafika molunjika kuchokera kumsika, njinga ikadali ndi zingwe zomangira matumba. Itafika nthawi yawo anakhala patsogolo pa kiyibodi, koma manja anawabisa m'chitenje.

"Ndasamba kawiri, koma makalawa sachoka m'zikhadabo. Ndidetsa zoyerazi."

"Amapukutika, mayi," anatero a Chimpeni. "Ine ndinapakapo vanishi mwezi watha, aphunzitsi sanaone n'komwe."

"Ndinaona," anatero Estela.

A Flossie anaseka mpaka kugwira pamimba. Kenako anatulutsa dzanja lamanja, analipukutanso pachitenje, n'kuika chala chachikulu pomwe Estela analoza.