Diso la Dokotala Barrenechea

Kwa zaka ziwiri Yesenia Tuanama, katswiri wa makompyuta, analimbana ndi vuto limodzi: intaneti ya kwawo ku Iquitos, tawuni ya m'kati mwa nkhalango, ndi yofooka, moti zithunzi za opaleshoni zoonetsa kuya zinkakanika kudutsa. Zithunzi zotere zimayenda ziwiriziwiri, china cha diso lamanja, china cha lamanzere, kuti dokotala wa ku Lima akavala magalasi azilangiza ngati waima pambali pa wodwalayo. Nzeru ya Yesenia inali yopatsa diso lamanzere chithunzi chathunthu, lamanja n'kulipatsa chofinyidwa kwambiri. Ubongo umamvera diso loona bwino, ndiye munthu sazindikira n'komwe kuti amubera.

Tsiku loyesa makinawa ku likulu ku Lima, madokotala anayi anavala magalasi aja n'kugwedezera mitu. Kenako anavala Dokotala Barrenechea, mkulu wawo, munthu woti akakana chinthu ndiye kuti chafera pomwepo.

"Ndi chifunga chokhachokha ichi," anatero. "Mtsempha uli pati? Iwe mwana wa kunkhalango, ukufuna tiziphera anthu patali?"

Anzake aja, amene anali ataona bwinobwino, anayamba kukanda m'mutu. Mantha ndi matenda ndithu.

Yesenia mtima unamuwawa, koma anangoluma mano. Mkulu uja anavula magalasi, n'kutulutsa foni kuti aitane dalaivala. Pamenepo Yesenia anaona kuti powerenga, bamboyo akupendeketsa mutu, foni n'kuiyandikiza ku diso lamanja. Lamanzerelo linkangoperekeza.

"A dokotala, ndalakwitsa ndine," anatero modzichepetsa. "Tavalaninso kamodzi kokha."

Anasintha mzere umodzi pa kompyuta, chithunzi chathunthu chija n'kupita kumanja.

Mkulu uja anavala monyinyirika. Kenako anatambasula dzanja m'malere, chala chikulondola mtsempha umene panalibe.

"Uwu," anatero. "Auzeni asadule apa."

"A dokotala, opaleshoniyi inachitika chaka chatha," mmodzi anawakumbutsa, ndipo chipinda chonse chinafa ndi phwete.

Dokotala Barrenechea anasaina pomwepo kuti makinawo atumizidwe ku Iquitos. Yesenia anasangalala kwambiri. Ena atatuluka, mkulu uja anatsalira pakhomo.

"Zaka makumi atatu," ananong'ona, "ngakhale mkazi wanga sadziwa za diso lamanzereli. Wauza ndani?"

"Kompyuta yokha, a dokotala. Ndipo kuyambira mawa izifunsa aliyense diso limene akufuna, osati inu nokha."